RAS Yokana Kuzima ndi p53 Yotaya Mphamvu

Mu 1982 magulu atatu a akatswiri ku America, la Robert Weinberg, la Michael Wigler ndi la Mariano Barbacid, ankalimbana ndi jini imodzi imene anaitenga m'maselo a khansa ya chikhodzodzo cha munthu. Akailowetsa m'maselo a mbewa osungidwa mu labotale, maselowo ankayamba kuswana mopanda malire. Jini yomweyo yochokera kwa munthu wathanzi sinkachita zimenezi. Nanga ziwirizi zinasiyana pati? Atawerenga zilembo zake chimodzichimodzi anapeza kuti kusiyana konse kunali pa chilembo chimodzi basi: pamene panayenera kukhala G panali T. Jiniyo inali HRAS, imodzi mwa majini atatu a banja la RAS. Lero tikudziwa kuti m'banjamo imene imasokonekera kawirikawiri kuposa zinzake ndi KRAS.

Zaka zitatu izi zisanachitike, mu 1979, David Lane ndi Lionel Crawford ku London, komanso Arnold Levine ndi Daniel Linzer ku Princeton, anali ataona puloteni ina yachilendo itamamatira ku puloteni ya kachilombo ka anyani kotchedwa SV40. Inadzatchedwa p53. Kwa zaka pafupifupi khumi akatswiri ankaiika gulu limodzi ndi RAS, ati nayonso ndi yoyambitsa khansa, popeza ankaipeza itadzaza m'maselo a zotupa. Mu 1989 gulu la Bert Vogelstein ku Baltimore, pofufuza khansa ya m'matumbo, linathandiza kuwongola nkhaniyi. Zinaoneka kuti p53 imene ambiri ankaifufuza m'malabotale inali yowonongeka kale, ndipo yabwinoyo ntchito yake ndi kutchinga khansa.

Kuyambira pamenepo mayina awiriwa sasowa pamene pakukambidwa za khansa. Jini ya p53, yomwe imalembedwa TP53, imapezeka yowonongeka pafupifupi mu theka la khansa zonse za anthu, ndipo RAS imapezeka yosinthika mwa odwala khansa pafupifupi mmodzi pa asanu alionse. Konsekonse, chimene chimasintha kawirikawiri ndi chilembo chimodzi. Koma zotuluka zake zimalowera mbali zosiyana: RAS imayamba kugwira ntchito yake osapuma, pamene p53 imaleka kugwira yake. Kusiyana kumeneku kuli m'kaumbidwe ka mapuloteni awiriwa, ndipo ndi kumene kumalamula malo amene zolakwika zimagwera ndiponso mtundu wa mankhwala amene angatheke.

Jini ndi malangizo olembedwa pa DNA ndi zilembo zinayi, A, C, G ndi T. Selo limawerenga zilembozi zitatuzitatu, ndipo zitatu zilizonse zimaitana kachidutswa kamodzi mwa tizidutswa ta mitundu 20 totchedwa ma amino asidi. Tizidutswato timalumikizana n'kukhala unyolo, unyolowo umadzipinda mpaka kutenga kaumbidwe kakekake, ndipo imeneyo ndiyo puloteni. Tizidutswati si tofanana. Kena n'kakakulu, kena n'kakang'ono, kena kamakonda madzi, kena kamawathawa n'kukabisala mkati mwa puloteni. Puloteni imagwira ntchito mwa kugwira zinthu zina, ndipo imagwira chokhacho chimene chikukwana m'mapindidwe ake. Kachidutswa kamodzi kakasinthidwa, nthawi zambiri palibe chimene chimachitika. Koma pali malo ena ochepa amene salola kusinthidwa. Ndinenerenso poyamba kuti zolakwika zambiri zoterezi munthu sabadwa nazo. Zimabuka m'selo limodzi pa moyo wake, sapatsira mnzake, ndipo ana ake sazitengera.

RAS ndi puloteni yaing'ono, ya tizidutswa 188 kapena 189, ndipo imakhala itakolekeka mkati mwa khungu la selo. Ntchito yake ndi kupatsira uthenga. Kunja kwa selo kukafika chizindikiro chakuti nthawi yokula yakwana, puloteni yolandira uthenga monga EGFR imadzutsa mthandizi wotchedwa SOS. Mthandiziyu amachotsa kamolekyu ka GDP kamene RAS inagwirizira, ndipo m'malo mwake mumalowa GTP. GTP ali ndi mafosifeti atatu, GDP awiri. Fosifeti wachitatuyo amakoka timalupu tiwiri ta RAS n'kutiimika mwanjira ina, ndipo tikaima choncho puloteni yotchedwa RAF imatha kugwira RAS. Uthenga umapitirira kwa MEK, kwa ERK, mpaka ku nyukiliyasi, kumene selo limauzidwa kuti ligawanike. Pamenepo timati RAS yayaka.

Chofunika kwambiri ndi kuzima kwake. RAS imadzizimitsa yokha podula fosifeti wachitatu uja, GTP n'kusanduka GDP. Payokha imachedwa kwambiri kudula. Imathandizidwa ndi mapuloteni otchedwa GAP, amene amabwera n'kulowetsa kachidutswa kakatali kotchedwa arginine mkati mwenimweni mwa malo odulirawo. Akatswiri amakatcha chala cha arginine, ndipo chikalowa, kudulako kumafulumira mowirikiza mpaka ka 100,000. Tsono chala chimenechi chimadutsa pafupi penipeni ndi kachidutswa ka nambala 12 pa unyolo wa RAS. Pamalo amenewa pamakhala glycine, yemwe ndi wamng'ono kuposa ma amino asidi onse. Anzake onse ali ndi nthambi yotuluka m'mbali, koma iye pamalo a nthambi ali ndi atomu imodzi ya haidrojeni. Mpata umene glycine amasiya ndi umene chala cha GAP chimafuna. Mukaikapo pafupifupi wina aliyense wa nthambi, chala sichifika bwino pamene chiyenera kufika, fosifeti sadulidwa msanga, ndipo RAS imangokhala chiyakire.

Pa KRAS zilembo za malo a 12 ndi GGT. Chilembo chapakati chikasanduka A, pamabwera aspartate, ndipo cholakwikacho chimalembedwa G12D. Chikasanduka T pamabwera valine, G12V. Chilembo choyamba chikasanduka T pamabwera cysteine, G12C, ndipo ichi chimapezeka kwambiri m'mapapo mwa anthu osuta fodya, chifukwa poizoni wa mu utsi amakonda kumamatira pa G n'kuchititsa kuti selo lilembepo T. Khansa ya kapamba, yoposa 90 pa 100 iliyonse ya mtundu wofala kwambiri, imakhala ndi KRAS yosinthika. Ya m'matumbo aakulu ndi pafupifupi 40 pa 100. Pali malo ena awiri, a 13 oyandikana ndi a 12, ndi a 61 pamene pamakhala glutamine woimika kamolekyu ka madzi kodulira fosifeti. Mukawerenga zolakwika za RAS m'zotupa masauzande ambiri, pafupifupi zonse zimagwera pa malo atatu amenewa.

Chimene chimandigwira mtima pa RAS yosinthika n'chakuti si yophwanyika ayi. Imapindika bwinobwino, imagwira GTP mwamphamvu, imapatsira uthenga mosalakwitsa. Mutaika chithunzi chake pambali pa chithunzi cha yabwino mungavutike kuzisiyanitsa. Chatayika ndi chimodzi chokha, kutha kudzizimitsa. N'chifukwa chake malo ake ndi ochepa chotere: njira zowonongera RAS ndi zambiri, koma RAS yowonongeka siithandiza khansa, ndipo selo lotero silipita patali. Khansa imasankha cholakwika chimene chimasiya zonse zili m'malo n'kungoletsa kuzima. N'chifukwa chakenso kope imodzi ndi yokwanira. Munthu ali ndi makope awiri a pafupifupi jini iliyonse, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo, koma imodzi ikamapanga RAS yoyaka, inzake yabwino ilibe mphamvu yoizimitsa. Madokotala a khansa ya m'matumbo amadziwa zotsatira zake. Mankhwala monga cetuximab amatseka EGFR kunja kwa selo, koma kwa wodwala amene KRAS yake ndi yosinthika sathandiza, chifukwa uthenga ukuyambira kale mkati, m'munsi mwa pamene patsekedwapo. Choncho asanapereke mankhwalawo amayamba ayeza jini ya RAS.

Nkhani ya p53 ndi ina. Ndi yaikulu kuposa RAS kawiri, ya tizidutswa 393, ndipo imagwira ntchito mu nyukiliyasi, pa DNA penipenipo. M'selo lamtendere imapangidwa n'kuwonongedwa mosalekeza, moti imodzi sikhalitsa kupitirira mphindi 20 kapena 30. Woiwononga ndi puloteni yotchedwa MDM2, imene imaiika chizindikiro chakuti ikagayidwe. DNA ikavulala, kaya ndi dzuwa, kaya ndi poizoni, kapena selo likayamba kukakamizidwa kugawanika mosayenera, MDM2 amaletsedwa, p53 imachuluka, ndipo zinayi zimagwirana n'kukhala pa malo osankhika a DNA. Kumeneko zimadzutsa majini ena. Ina imapanga p21, yomwe imaimitsa selo kuti lisagawanike mpaka chovulalacho chitakonzedwa. Zikavuta kwambiri zimadzutsa majini monga PUMA, amene amachititsa kuti selolo lidziphe. Selo limodzi limafa kuti lisasanduke chotupa.

Mu 1994 Nikola Pavletich ndi anzake ku New York anajambula chigawo chapakati cha p53 chitagwira DNA, atomu ndi atomu. Ataika pa chithunzicho malo amene amawonongeka kawirikawiri m'khansa, zinthu zinamveka nthawi yomweyo. Malo asanu ndi amodzi otchuka, a 175, 245, 248, 249, 273 ndi 282, onse anali mbali imene imayang'anizana ndi DNA kapena pafupi nayo, ndipo asanu mwa iwo ndi a arginine. Koma anali a mitundu iwiri. Arginine wa pa 248 ndi wa pa 273 ndi amene amakhudza DNA mwachindunji: wa 248 amalowa m'kangalande kakang'ono ka DNA, wa 273 amagwira msana wake wa mafosifeti. Awiriwa akasinthidwa, puloteni imakhala yopindika bwino ndithu, koma ilibe chogwirira. Pang'ono pokha apa p53 imafanana ndi RAS, chifukwa kaumbidwe kamatsala, n'kutayika ntchito imodzi.

Mtundu wachiwiri ndi umene RAS ilibe. Chigawo chapakati cha p53 n'chosalimba mwachibadwa. Mukachitenthetsa mu labotale chimayamba kumasuka pa madigiri pafupifupi 44 kapena 45, pamene thupi la munthu lili pa 37. Mpata wake ndi wochepa zedi. Chimene chimachilimbitsa ndi atomu imodzi ya zinki, yogwiridwa ndi tizidutswa tinayi, ta nambala 176, 179, 238 ndi 242, ndipo zinkiyo imamanga pamodzi malupu awiri amene amanyamula mbali yogwira DNA. Arginine wa pa 175 sakhudza DNA n'komwe. Amakhala pafupi ndi zinki, kuchirikiza malupuwo. Akalowedwa m'malo ndi histidine, zinki sikhazikikanso, malupu amagwedera, ndipo pa kutentha wamba kwa thupi chigawo chonse chimamasuka. Tizidutswa tothawa madzi timene tinali tobisika timaonekera poyera, ndipo mapuloteni omasukawo amayamba kumatana okhaokha. Cholakwika chimenechi, R175H, ndi chimodzi mwa zofala kwambiri m'khansa zonse.

Puloteni yosalimba chotere ingagwetsedwe pena paliponse. N'chifukwa chake, ngakhale pali malo otchuka aja, zolakwika za TP53 zamwazikana pa malo mazana ambiri a chigawo chapakati. Mukajambula kuchuluka kwake, RAS imaonetsa nsonga zitatu zokha, pamene p53 imaonetsa nsonga zingapo zazitali pakati pa zazifupi zosawerengeka. Malo otchukawo ali ndi chifukwa chinanso chochokera ku zilembo zenizenizo. Pa 175, 248 ndi 273 pali C wotsatidwa ndi G, ndipo C wokhala pamalo otere amasanduka T yekha mosavuta, popanda poizoni aliyense wochokera kunja. Ukalamba wokha umakwanira.

Pali chinthu china chimene chinazunguza akatswiri. Majini ena otchinga khansa, monga APC ndi RB1, akawonongeka kawirikawiri puloteni yake imaduka kapena kusowa kumene. Koma pa TP53, zolakwika pafupifupi zitatu mwa zinayi zimasiya puloteni yathunthu yongosinthika kachidutswa kamodzi. Khansa imapindula chiyani posunga puloteni yakufa ntchito? Yankho lina lili m'kugwirana kwa zinayi kuja. Amene anaonapo anthu akukweza denga la nkhokwe adziwa kuti anayi akanyamula, mmodzi n'kukhala wopanda mphamvu koma osachoka pamalo ake, denga limapendekeka, ndipo kukanakhala bwino akanachoka kuti wina alowepo. Momwemonso p53 yowonongeka imathabe kugwirana ndi zabwino, popeza chigawo chogwiranirana chili kumapeto kwa unyolo ndipo n'chabwinobwino. Zitati zisakanikirane mwachisawawa, theka zabwino theka zoipa, gulu limodzi lokha mwa magulu 16 lingakhale ndi zabwino zonse zinayi. Kope yabwino imafooketsedwa motero, ndipo m'zotupa zambiri pambuyo pake imadzatayika yonse.

Apa mpamenenso pali yankho la chisokonezo cha zaka khumi zoyamba zija. Imodzi mwa majini amene p53 imadzutsa ndi ya MDM2, woiwononga yemwe uja. p53 yowonongeka singadzutse MDM2, choncho imasowa woichotsa ndipo imaunjikana. Mpaka lero katswiri woyeza zotupa akathira mankhwala oonetsa p53 pa kachidutswa ka chotupa n'kuona manyukiliyasi onse atadetsedwa kwambiri, amaganiza kuti jiniyo ndi yowonongeka. Kuchuluka kwa puloteniyi ndi chizindikiro chakuti sikugwira ntchito.

Pa nkhani ya kutengera kwa makolo, awiriwa amasiyananso. Munthu akhoza kubadwa ndi kope imodzi ya TP53 yowonongeka n'kukula bwinobwino, koma kawirikawiri amadwala khansa ali wamng'ono, mwina kangapo. Frederick Li ndi Joseph Fraumeni anafotokoza za mabanja otere mu 1969, ndipo mu 1990 zinadziwika kuti gwero lake ndi TP53. KRAS ya G12D siyenda choncho m'mabanja. Mbewa zimene zinapatsidwa cholakwikachi m'maselo onse zinafera m'mimba.

Kwathu kuno p53 ndi imene imatikhudza pafupi, ndipo pali malo amodzi pa unyolo wake amene ali ndi mbiri ya dera lathu lino. Mu 1991 magulu awiri a akatswiri anafalitsa zimene anapeza pa khansa ya chiwindi, lina mwa odwala a ku Qidong ku China, lina mwa odwala a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique. Konse kuwiri anapeza cholakwika chimodzimodzi: pa malo a 249, zilembo AGG zitasanduka AGT, arginine n'kulowedwa m'malo ndi serine. Ku Ulaya ndi ku America cholakwikachi n'chosowa. Chimene madera awiriwa ankafanana nacho ndi chuku, nkhungu ya Aspergillus imene imamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino n'kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Chiwindi poyesa kusungunula poizoniyu chimamusandutsa woopsa kwambiri, ndipo amakamamatira pa G. Arginine wa pa 249 ntchito yake ndi kuchirikiza lupu lomwe limanyamula mnansi wake wa pa 248, wolowa m'kangalande ka DNA uja. Akachoka, lupu limapotoka. Munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B m'chiwindi, ngoziyo imakula kwambiri kuposa ya chilichonse pachokha.

Ndimaona kuti mfundo imeneyi iyenera kumveka m'midzi kuposa m'mabuku. Chizolowezi chothira madzi mtedza kuti usavute kuswa, chouyanika pa dothi, chosankha wabwino wokagulitsa n'kusunga wonyala ndi wakuda kuti ukhale wa nsinjiro zotendera ndiwo pakhomo, chili ndi njira yolunjika yofikira pa chilembo chimodzi cha jini imodzi m'chiwindi cha munthu. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana ku Malawi kuyambira mu 2002, ndipo ameneyo akutseka mbali imodzi ya vutoli. Mbali inayo ili pa kayanikidwe, kasankhidwe ndi kasungidwe ka zokolola.

Khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri ku Malawi, imaonetsa njira ina yofikira pa mapeto omwewo. M'zotupa zambiri za mtundu umenewu jini ya TP53 ndi yabwinobwino. Kachilombo ka HPV kamapanga puloteni yake yotchedwa E6, imene imagwira p53 n'kuitumiza kukagayidwa, ndiye khansayo sifunikanso cholakwika cha chilembo. Katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 akuteteza p53 ya m'maselo a khomo la chiberekero. Khansa ya kummero, imene dziko la Malawi lili m'gulu la mayiko otsogola nayo padziko lonse, imayenda njira yachindunji: kafukufuku wa mu 2016 pa zotupa za odwala 59 a ku Malawi anapeza TP53 yowonongeka pafupifupi mwa zonse.

Tikafika pa mankhwala, poyamba zimaoneka ngati RAS ndi yosavuta. Kuletsa puloteni imene ikugwira ntchito mopyola ndi zimene opanga mankhwala anazolowera: amafuna kamphako pa puloteniyo n'kupanga kamolekyu kokwanamo. Koma RAS inawakanika kwa zaka zoposa 30. Kunja kwake n'kosalala, kopanda mphako yooneka kupatula ya GTP, ndipo imeneyo imagwira GTP mwamphamvu moti palibe mankhwala amene akanamulanda malo, makamaka poti GTP ndi wochuluka m'selo. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linalowera pa cholakwika chenichenicho. Cysteine ali ndi atomu ya sulufule imene imatha kumangana ndi mamolekyu ena mosamasuka. Pa G12C cysteine ameneyu ali pamalo pamene RAS yabwino ilibe. Anapanga timamolekyu tomata pa iye, ndipo potero anapeza kamphako kamene sikankadziwika, pansi pa lachiwiri mwa timalupu tiwiri ta RAS tija, kamene kamatseguka RAS ikagwira GDP. Zinadziwikanso kuti G12C siyaka nthawi zonse, imazimako apo ndi apo, ndipo mankhwala amaidikira pamenepo n'kuitsekera ili yozima. Sotorasib anavomerezedwa ku America mu 2021, adagrasib mu 2022.

Tisakokomeze. Pa mayeso amene anatsegula njira ya sotorasib, zotupa za m'mapapo zinachepa mooneka mwa odwala pafupifupi 37 pa 100, ndipo mwa ambiri khansa inadzayambanso kukula patapita miyezi, nthawi zina chifukwa cha cholakwika chatsopano chosintha kamphako komweko. Ndiponso njira ya cysteine sikhudza G12D ndi G12V, zimene zimalamulira m'khansa ya kapamba. Za izi pali mankhwala ena amene akuyesedwa. Komabe khomo linatseguka, ndipo linatsegulidwa ndi kudziwa malo enieni a atomu iliyonse.

Kwa p53 ntchito yake ndi yolemera kuposa apa, chifukwa chofunika si kuletsa koma kubwezeretsa. Pamene arginine wogwira DNA wachoka, ngati pa 248 ndi 273, n'kovuta kuganiza za kamolekyu kamene kangagwire DNA m'malo mwake. Pamene puloteni yangomasuka, chiyembekezo chilipo, chifukwa mbali yogwira DNA ikadali yonse ndipo ikungofuna chochirikiza. Mankhwala otchedwa eprenetapopt, amene ankayembekezeka kudzutsa p53 zowonongeka za mitundu yambiri, sanakwanitse cholinga chake pa mayeso aakulu a mu 2020. Njira imene ikuoneka yodalirika ndi yopapatiza kwambiri. Pa malo a 220 pamakhala tyrosine, wa nthambi yaikulu. Akalowedwa m'malo ndi cysteine wamng'ono pamatsala kamng'alu kunja kwa puloteni, kutali ndi mbali yogwira DNA, ndipo kamng'alu kameneka n'kokwanira kuti chigawo chonse chimasuke. Gulu la Alan Fersht ku Cambridge linaonetsa mu 2008 kuti kamolekyu kokwana m'mng'alumo kamalimbitsanso puloteniyo. Mankhwala otchedwa rezatapopt, opangidwa pa nzeru yomweyi, akuyesedwa mwa odwala.

Apa ndi pamene awiriwa amafanana mosayembekezeka. Konse kuwiri, chogwirira cha mankhwala chinapangidwa ndi cholakwikacho, ndipo n'chifukwa chake mankhwalawo amasiya puloteni yabwino ya m'maselo athanzi. Koma kuchuluka kwa anthu amene angathandizike n'kosiyana. Popeza zolakwika za RAS zaunjikana pa malo atatu, mankhwala ochepa angafikire odwala ambiri. G12C yokha ili mwa odwala pafupifupi 13 pa 100 a khansa ya m'mapapo yofala kwambiri m'mayiko a azungu. Cholakwika cha pa malo a 220 chija, Y220C, chili m'chotupa pafupifupi chimodzi pa 100, ndipo cholakwika chilichonse cha p53 chili ndi kaumbidwe kake kofuna yankho lakelake. Kwa ine ichi ndi chifukwa chokwanira chonenera kuti pa khansa za p53 zimene zimatipha kuno, ya chiwindi ndi ya khomo la chiberekero, ndalama yoikidwa pa katemera ndi pa kuthana ndi chuku idzapulumutsa anthu ambiri kuposa mankhwala alionse amene tingawayembekezere posachedwa.

M'chotupa chenicheni awiriwa kawirikawiri sayenda payekhapayekha. Mu 1997 Manuel Serrano ndi Scott Lowe anaika RAS yoyaka m'maselo abwinobwino, ndipo m'malo moswana mpaka kalekale, maselowo anaima n'kukalamba msanga. Chimodzi mwa zimene zinawaimitsa chinali p53, yomwe imamva pamene selo likukakamizidwa kugawanika mopyola. Ndiye kuti RAS yosinthika payokha nthawi zambiri imathera pa kachotupa kosaopsa. Eric Fearon ndi Vogelstein anali atalongosola kale mu 1990 ndondomeko ya khansa ya m'matumbo: APC imayamba kuwonongeka n'kumera kanjerewere m'matumbo, KRAS imakakulitsa, ndipo TP53 ikagwa m'pamene chimasanduka khansa yolowerera. Ya kapamba imayenda mofananamo, KRAS poyamba, TP53 pambuyo, ndipo pakati pa ziwirizi pamatha kupita zaka zambiri. Kugwirizana kumeneku kwaonekeranso pa mayeso a rezatapopt. Pa gawo loyamba, odwala amene zotupa zawo zinachepa anali amene KRAS yawo inali yabwino, ndipo pa gawo lachiwiri analemba okhawo amene ali ndi Y220C koma alibe cholakwika cha KRAS.